Magule Amene Anachokera Kugombe

1. Nyengo ya magule

Chimanga chikalowa m'nkhokwe, fodya atapita ku okushoni ku Kanengo, midzi yozungulira Mitundu ndi Nathenje imayamba kumveka ng'oma. Kuyambira mu Juni mpaka mvula yoyamba ndi nthawi ya maukwati, ziliza ndi zinamwali. Amayi amavina chimtali ndi chisamba. Gule Wamkulu amatuluka kudambwe. Anyamata ndi abambo amafola mizere kuvina mganda.

Gule Wamkulu ndi wamakolo a Achewa enieni. Koma mganda ndi mlendo amene anakhazikika. Kwawo ndi kutali, kugombe la nyanja yamchere ya India.

2. Aluya afika kunyanja

Mganda usanafike, alendo ena ochokera kugombe anali atabwera kale. Cha m'ma 1840, Salim bin Abdullah anamanga mudzi ku Nkhotakota. Iye anali wamalonda wochokera kugombe, ndipo anthu ankamutcha Jumbe. Zombo zake za matanga zinkawolotsa minyanga ya njovu ndi akapolo pa Nyanja ya Malawi, pa ulendo wa ku Kilwa ndi Zanzibar. Malonda a anthuwo anasiya misozi m'midzi yambiri ya Achewa. Ulamuliro wa a Jumbe olowa m'malo mwake unathetsedwa ndi Angerezi cha m'ma 1895.

Njira yomweyo inabweretsanso zina. Kunabwera ulimi wa mpunga wochuluka, Chiswahili, zilembo za Chiluya ndi chipembedzo cha Chisilamu. Mafumu a Chiyao monga Makanjira ndi Mponda analowa Chisilamu, ndipo anthu awo anatsatira.

3. Sikiri ndi kaswida

Asilamu anadza ndi luso lawo la mawu. Kaswida ndi ndakatulo zoimba, zotamanda Mulungu ndi Mtumiki Muhammad. Ana amaziphunzira ku madrasa. Lero zimaimbidwa m'Chiluya, m'Chiyao ndi m'Chichewa.

Sikiri ndi wa gulu. Amuna amaima pamodzi, ena atavala mikanjo ndi zisoti. Mmodzi amatsogolera nyimbo. Enawo amayankha ndi mpweya wochokera pachifuwa, uku akuwerama ndi kudzuka nthawi imodzi. Mpweyawo ndiwo umagwira ntchito ya ng'oma. Sikiri anafala kwambiri ndi Asilamu a gulu la Kadiriya, ndipo amaoneka pa siyala, chikondwerero chokumbukira kubadwa kwa Mtumiki. Tsiku la siyala limatsata mwezi, choncho chaka chilichonse limafulumira ndi masiku pafupifupi 11.

4. Beni abadwa

M'matauni a Aswahili monga Lamu ndi Mombasa munali mwambo wakale wa mpikisano. Magulu awiri ankapikisana pa kuvina, kuvala ndi kupeka ndakatulo zonyozana. M'zaka za m'ma 1890 achinyamata akumeneko anaona asilikali a Azungu akuguba ndi malipenga. Anatengera kugubako n'kukulowetsa m'mpikisano wawo. Umo ndi m'mene anabadwira beni.

Beni anali ngati sewero. Gulu lililonse linali ndi mfumu yake, akuluakulu a nkhondo, ngakhale dokotala. Onse ankavala molingana ndi udindo wawo.

5. Kuchokera kunkhondo kufika kumudzi

Pa nkhondo ya 1914 mpaka 1918, amuna ambiri a ku Nyasaland anatengedwa. Ena anali asilikali a King's African Rifles, ena anali amtengatenga osenza katundu. Anayenda mpaka m'dziko limene pambuyo pake linatchedwa Tanganyika, kumene beni anali atafala kale. Opulumuka anabwera naye kwawo.

Kuno guleyu anasintha malinga ndi dera. Ayao a ku Mangochi, Machinga ndi Zomba anasunga dzina la beni. Atonga a ku Nkhata Bay anamutcha malipenga. M'chigawo chapakati anasanduka mganda.

Malipenga achitsulo kunalibe, choncho anthu anapanga awo ndi zikho, otchedwa badza. Ovina amavala zofanana, nthawi zambiri malaya oyera ndi masokosi aatali. Amaponda mwaulemu, osathamanga. Nyimbo za mganda ndi za Chichewa, ndipo zimakamba za kumudzi konkuno: ukwati, ulesi, matenda ndi mitengo ya mbewu. Mpikisano uja sunathe. Gulu la mudzi wina limayendera linzake, ndipo oonerera ndiwo amaweruza amene wavina bwino.

Mafunso okambirana

1. Kodi beni anafika bwanji m'Malawi?
2. Ndani anayambitsa gulu la mganda la kwanu, ndipo chinali chaka chiti?