Kilimanjaro: Phiri Loyera ndi Amtengatenga Ake

Madzulo ano tichokako pang'ono kuno kwathu, tiwoloke mtsinje wa Songwe, tiloŵere kumpoto chakum'maŵa kwa dziko la Tanzania, kufupi ndi malire a Kenya. Kumeneko ndiko kuli Kilimanjaro, phiri lalitali koposa mapiri onse a mu Africa.

Inu a ku Mulanje ndi ku Phalombe mumaudziŵa msinkhu wa Sapitwa, nsonga ya mamita 3,002. Tsono Kilimanjaro ndi wa mamita 5,895, ndiye kuti pafupifupi kusanjikiza Sapitwa pamwamba pa Sapitwa mnzake. Phirili linabadwa ndi moto wophulika kuchokera pansi pa nthaka, ndipo lili ndi mitu itatu: Shira, umene unagumuka kalekale, Mawenzi, wa mano-mano ngati sowo, ndi Kibo, wautali koposa, wovala chisoti choyera.

Munthu wokwera phirili amakhala ngati wadutsa maiko asanu pa sabata imodzi. M'tsinde mwake muli minda ya nthochi ndi khofi ya Achaga, anthu amene akhala akupatutsa madzi a m'phiri ndi ngalande kuyambira makedzana. Pamwamba pa mindayo pali nkhalango yoŵirira, kenaka tchire la zitsamba zazifupi, kenaka chipululu cha miyala ndi phulusa, ndipo pomaliza penipeni madzi oundana gwa ngati mwala. Kumeneko mpweya ngwopepuka, kotero kuti munthu akapuma kamodzi amalandira theka chabe la umene amalandira ali m'mbali mwa nyanja yamchere.

Pa 11 Meyi 1848, mmishonale wina wa ku Germany, Johannes Rebmann, anaona chinthu choyera mbuu pamwamba pa phirilo, nalemba kuti chinali chipale chofewa. Akatswiri ena ku London, makamaka William Cooley, anamtsutsa kwa mtu wa galu. Chipale chingakhale bwanji kufupi ndi mzere wa Ikweta, kumene dzuŵa limaswa mtengo? Ena anati ndi miyala yoyera chabe. Pamene iwo ankakangana chotero, Achaga ankadzuka m'maŵa uliwonse n'kumaona chisoti choyeracho ali pakhomo pa nyumba zawo.

M'chaka cha 1861, Baron von der Decken anayesa kukwera phirilo pamodzi ndi Richard Thornton, katswiri wa miyala amene anakhalapo pa ulendo wa David Livingstone. Nyengo yoipa inawabweza asanafike patali, komabe Thornton anayeza msinkhu wa phirilo ndipo sanaphonye kwenikweni. Mnyamatayu anamwalira mu 1863 m'chigwa cha Shire, ndipo manda ake ali kwathu konkuno, m'boma la Chikwawa. Mu 1871, mmishonale Charles New anafika pamene chipale chimayambira.

Amene anapirira koposa onse ndi Hans Meyer wa ku Germany. Mu 1887 khoma la madzi oundana linambweza. Mu 1888 anagwidwa ndi ankhondo a Abushiri asanafike n'komwe kuphiriko, ndipo anamasulidwa atalipira dipo. Mu 1889 anabweranso ndi Ludwig Purtscheller, mphunzitsi wa ku Austria wozoloŵera mapiri a kwawo. Aŵiriŵa anamanga misasa motsatizana, nasema makwerero pa madzi oundana ndi nkhwangwa, mpaka pa 6 Okutobala anaima pansonga ya Kibo. Meyer anaitcha nsongayo dzina la mfumu ya kwawo, Kaiser Wilhelm, natola mwala wa pamwambapo kukapereka kwa mfumuyo.

Koma tiyeni tifunse: kodi anasenza ufa, mahema ndi madzi ndani? Kumbuyo kwa azungu aŵiriŵa kunali mndandanda wa amtengatenga, amene maina awo ambiri sanasungidwe. Mmodzi amene Meyer anamtchula ndi Mwini Amani wa ku Pangani, amene anatsala pa msasa wa pamwamba, m'chisanu choluma mafupa, akusonkha moto ndi kuphika kuti aŵiriwo akabwera apeze chakudya. Ife Amalaŵi ntchito imeneyi siyachilendo kwa ife, pakuti makolo athu ambirimbiri anasenza akatundu a asilikali pa nkhondo ya 1914 mpaka 1918, ndipo ena sanabwerere kumudzi. Mutu umodzi susenza denga, koma kaŵirikaŵiri mbiri imakumbuka mutu umodzi wokha.

Zinthu zinatembenuka pa 9 Disembala 1961, tsiku limene Tanganyika analandira ufulu. Msilikali wachinyamata, Lefitenanti Alexander Nyirenda, amene dzina la fuko lake ndi lodziŵika bwino kumpoto kwa dziko lathu lino, anakwera phirilo atanyamula mbendera yatsopano ndi muuni wa ufulu. Pambuyo pake dzina la Kaiser linachotsedwa, ndipo nsongayo inatchedwa Uhuru, kutanthauza ufulu. Mu 1973 boma linakhazikitsa malo otetezedwa pa phirili, ndipo mu 1987 bungwe la UNESCO linaliika m'gulu la chuma cha dziko lonse lapansi.

Masiku ano alendo zikwizikwi amakwera Kilimanjaro chaka ndi chaka. Otsogolera njira amawauza kuti "pole pole", kutanthauza pang'onopang'ono, chifukwa wothamanga amagwidwa ndi mutu ndi mseru, ndipo ena amataya moyo. Kuona maso a nkhono n'kudekha. Chisoti choyera chija nacho chikutha: mwa magawo khumi a madzi oundana amene analipo mu 1912, oposa asanu ndi atatu anasungunuka kale. Chimene sichinasinthe n'chakuti patsogolo pa mlendo aliyense pamayenda amuna ndi akazi a m'midzi ya m'tsinde mwa phirilo, katundu ali pamutu.

Choncho, omvera anzanga, mukadzaona chithunzi cha munthu akumwetulira pansonga ya Uhuru, kapena pa Sapitwa pathu pompano, mudzafunse kuti anamsenzera katundu ndani, ndipo dzina lake mudzalisunge.