Sitima zopepuka ndi mzinda wopanda njanji

Munthu wochoka ku Mzuzu kupita ku Lilongwe kapena ku Blantyre amasankha pakati pa misewu iwiri: M1 yodutsa m'Chikangawa, kapena M5 yotsetserekera ku Nkhata Bay n'kumatsata nyanja. Njanji kulibe, ndipo sinayambe yafikako. Komatu mzindawu unabadwa m'zaka zomwe akatswiri a ku Ulaya ndi ku America ankasowa tulo ndi funso lomwe likanaukhudza kwambiri Mpoto. Kodi n'zotheka kupanga sitima yapamtunda yopepuka, yosadya mafuta ambiri, yotha kukhota m'mapiri, yoti inyamule anthu ochepa koma kampani osagwa nayo?

Mzuzu unayamba cha m'ma 1947 ngati esiteti ya mitengo ya tung, yomwe inadzakhala m'manja mwa Colonial Development Corporation. Nthawi imeneyo n'kuti ku Spain mmisiri Alejandro Goicoechea atayesa kale sitima yake ya Talgo, mu 1942, ndi ndalama za José Luis Oriol. Nzeru zake zinali zachilendo. Mabogi anali aafupi ndi otsika pafupi ndi njanji, olumikizana mwakuti lililonse linkatsamira pa linzake, ndipo gudumu la kumanzere silinamangiriridwe ku la kumanja. Pokhota, gudumu lililonse linkazungulira pa liwiro lake. Dziko la Spain ndi lamapiri, njanji zake n'zokhotakhota, ndiye sitima yotereyi inali yankho la vuto lomwe eni ake ankaliona tsiku ndi tsiku. Talgo yachiwiri, yopangidwa ku America ndi zitsulo zopepuka za aluminiyamu, inayamba kunyamula anthu mu 1950 kuchokera ku Madrid kupita kumalire ndi France.

Ku America nkhawa inali ina. Nkhondo yachiwiri itatha, anthu anathawira ku galimoto, mabasi ndi ndege, makampani a njanji n'kumayendetsa mabogi olemera opanda anthu. Mu 1955 kampani ya General Motors inatulutsa Aerotrain. Inatenga mapangidwe a mabasi ake, n'kuwakuza pang'ono, n'kuwaika pa magudumu anayi a njanji. Bogi lililonse linkanyamula anthu 40. Kutsogolo kunali injini yonyezimira yooneka ngati galimoto zapamwamba za nthawiyo. Makampani a Pennsylvania, New York Central ndi Union Pacific anaiyesa kuyambira mu 1956, koma palibe anaigula. Ikathamanga inkagwedeza anthu ndi kusokosa, ndipo pa ulendo wa Los Angeles kupita ku Las Vegas inkafuna injini ina yoithandiza kukwera chitunda cha Cajon. Zinapangidwa ziwiri zokha. Zinatsirizira kunyamula apantchito m'mphepete mwa Chicago, ndipo lero zotsala zake zili m'nyumba zosungiramo zakale. Sitima ina yopepuka, Xplorer, yomwe inkayenda pakati pa Cleveland ndi Cincinnati, nayonso sinakhalitse.

Ine ndimaona kuti Aerotrain inagwa chifukwa oipanga ankawerengera za mafuta ndi zitsulo, n'kuiwala msana wa munthu wokhala pampando. Sitima yopepuka imamva polumikizira paliponse pa njanji, ndipo makampaniwo sanafune kuwononga ndalama kukonza njanjizo. Chaka chomwecho cha 1956 boma la America linakhazikitsa lamulo lomanga misewu ikuluikulu yolumikiza dziko lonse. Apa mpikisano unathera.

Kwathu kuno munthu wapaulendo sanali patsogolo ngakhale pachiyambi. Njanji yoyamba inafika ku Blantyre mu 1908 kuchokera ku Port Herald, komwe lero ndi ku Nsanje, ndipo cholinga chake chinali kutulutsa thonje, fodya ndi tiyi za m'maesiteti a Kummwera. Mu 1935 mlatho wa Dona Ana, wotalika makilomita oposa 3.6, unatsegulidwa pa Zambezi, ndipo njanji inakwera kudzera ku Chipoka mpaka ku Salima. Inaima pomwepo kwa zaka zoposa 40. Ngongole za njanji ya ku Beira ndi mlathowo zinalemera boma la Nyasaland kwa nthawi yaitali, moti katswiri wa mbiri Leroy Vail ananena kuti njanjizi zinasaukitsa dzikoli m'malo molikweza. Boma lomwe likubweza ngongole yotere silikanalota zokwera mapiri a Viphya, pomwe Mzuzu uli pamwamba mamita oposa 700 kuchokera pa madzi a nyanja.

Choncho sitima ya Mpoto inakhala ya pamadzi, ndipo mwini wake anali kampani ya njanji yomweyo, Nyasaland Railways. Sitima yake ya Vipya inamira mu Julaye 1946 pafupi ndi Florence Bay, komwe ndi ku Chitimba, ndipo anthu 145 anafa. M'malo mwake munabwera Ilala, yopangidwa ndi kampani ya Yarrow ku Scotland mu 1949. Inabwera zidutswazidutswa kudzera ku Beira, inalumikizidwa m'mphepete mwa nyanja, n'kuyamba maulendo mu 1951. Zoyesayesa za ku America zija zonse zinapuma kalekale, koma Ilala ikadali kukocheza pa Nkhata Bay. Abambo ambiri a Mpoto opita ku Harare, Bulawayo ndi ku Joni ankayamba ulendo pansi, pa lole kapena pa sitima ya pamadzi, n'kukaiona njanji atafika kale kutali ndi kwawo.

Ufulu utabwera, njanji inatambasuka, koma kuloza kwina: kummawa kupita ku Nacala kudzera ku Nayuchi mu 1970, kenako ku Lilongwe mu 1979 ndi ku Mchinji mu 1980 ndi thandizo la Canada. Kumpoto kwa malire, njanji ya TAZARA inatsegulidwa mu 1976, kudutsa ku Mbeya. Mzuzu, womwe unakhala mzinda mu 1985, unatsala pakati pa njanji ziwiri zosakumana.

Nthawi ndi nthawi timamva zoti njanji idzalumikiza Mpoto ndi TAZARA, ndipo zifukwa zake zimakhala mafuta, feteleza ndi migodi. Zifukwazi n'zomveka kwa aliyense amene anatsatirapo thanki ya mafuta ikukwawa pa Chiweta. Koma ndikanakonda kuti ojambula mapulaniwo awerengerenso mayi wonyamula nthochi za ku Nkhata Bay ndi wophunzira wa ku Mzuni, chifukwa kukhota ndi kusalala kwa njanji kumasankhidwa isanayalidwe. Kampani ya Talgo ikupangabe sitima mpaka lero, ndipo zina zimapendekeka zokha pokhota kuti zidutse m'mapiri osachepetsa liwiro.