Masipika aang'ono apamwamba: zoyenera kudziwa munthu asanagule

M'mashopu ambiri a ku Old Town mumzinda wa Lilongwe, makamaka m'mbali mwa msewu wa Malangalanga, ubwino wa sipika amauonera pa kukula kwake ndi phokoso lomwe ikutulutsa. Zimenezi zimathandiza amene akufuna zida za paukwati, pachinkhoswe kapena kutchalitchi. Koma amene akufuna kumvera nyimbo ali phee m'kachipinda ka kunyumba, kaya ndi ku Area 10, 12, 43 kapena 47, amafunika masipika aang'ono otulutsa mawu monga momwe adajambulidwira. Masipika otere ndi okwera mtengo ndipo ambiri amachita kuitanitsa kunja, choncho wolakwitsa posankha amataya ndalama zambiri zovuta kuzibweza.

Chiyambi chake

M'zaka za m'ma 1970, akatswiri a wailesi ya BBC ku Britain adafuna sipika yoti izigwira ntchito m'magalimoto oulutsira mawu, momwe malo ndi ochepa ndipo womvera amakhala pafupi. Adapanga LS3/5A, kabokosi kotalika pafupifupi masentimita 30, ndipo makampani monga Rogers adalandira chilolezo choti aziipanga. Zipangizo zake zotulutsa mawu zinkachokera ku KEF, kampani yomwe Raymond Cooke adakhazikitsa mu 1961. Mu 2012 KEF idatulutsa LS50 potsatira maganizo omwewo. Makampani ena odziwika ndi masipika aang'ono ndi Harbeth ndi Spendor a ku Britain, Dynaudio ya ku Denmark ndi Genelec ya ku Finland.

Chipinda chimasintha mawu

Mawu amayenda pafupifupi mamita 343 pa sekondi. Akagunda khoma amabwerera n'kukumana ndi anzake, ndipo besi ina imakula mopyola muyeso. Malo omwe vutoli limayambira amapezeka pogawa 343 ndi utali wa chipinda wowirikizidwa kawiri. Pakati pa makoma otalikirana mamita 4, yankho ndi 43 Hz, kutanthauza kunjenjemera ka 43 pa sekondi. Pa mamita 3, yankho ndi 57 Hz. Chingwe chokhuthala cha gitala ya besi ya zingwe zinayi chimalira pa 41 Hz, choncho sipika yaikulu ikaikidwa m'chipinda chotere imangoguguda, mawu a woimba n'kukwiririka. Sipika yaing'ono siifika mwamphamvu pansi chotero, n'chifukwa chake imamveka bwino pamalo opanikizika.

Nyumba zambiri za mu Lilongwe n'zanjerwa, pansi pake simenti kapena matailosi, ndipo zonsezi zimabweza mawu. Kapeti kapena mkeka pakati pa masipika ndi mpando, makatani okhuthala ndi shelefu ya mabuku zimachepetsa kubwerera kwa mawu apakati ndi apamwamba, ngakhale besi yozama siigwidwa ndi zinthu zimenezi.

Manambala ofunika

Nambala yoyamba ndi ya dB, yosonyeza kukwera kwa mawu omwe sipika imatulutsa ikalandira mphamvu yochepa. Masipika aang'ono ambiri amakhala pakati pa 83 ndi 88 dB, ndipo LS50 ili pa 85 dB. Kusiyana kwa 3 dB kumatanthauza kuwirikiza mphamvu kawiri: pomwe sipika ya 88 dB ikufuna mawati 25, ya 85 dB ifuna 50 kuti zimveke mofanana. Nambala yachiwiri ndi ya ohm. Sipika ya 4 ohm imakoka magetsi ambiri kuposa ya 8 ohm, ndipo ampulifaya yofooka imatentha kapena kuzima yokha.

Kapangidwe ka bokosi nakonso n'kofunika. Sipika yokhala ndi bowo kumbuyo imafuna kutalikirana ndi khoma pafupifupi theka la mita. Ngati malowo palibe, yoyenera ndi ya bowo kutsogolo kapena yotsekeka yonse monga LS3/5A. Palinso masipika okhala ndi ampulifaya m'kati, monga a Genelec, omwe sadya malo. Vuto lake n'lakuti ampulifayayo ikapsa sipika yonse imaleka kugwira ntchito, pomwe ampulifaya yapayokha ingathe kukonzedwa kapena kusinthidwa.

Kaikidwe kake

Mtunda wa pakati pa masipika awiriwo uyenera kufanana ndi mtunda wochokera pa sipika iliyonse kufika pa womvera, nthawi zambiri mita imodzi ndi theka mpaka mamita 2. Kasipika kapamwamba, kotulutsa mawu opyapyala, kalingane ndi makutu a munthu atakhala pansi. Masipika amamveka bwino pa miyendo yawoyawo yolimba kusiyana ndi pa tebulo kapena m'kabati, ndipo pangodya ya chipinda besi imachuluka kwambiri.

Magetsi ndi mtengo

Magetsi a m'Malawi ndi a 230 V pa 50 Hz. Zida zopangidwira msika wa ku America zimayendera 120 V, ndipo zikalumikizidwa popanda chotsitsira mphamvu zimapsa, pokhapokha ngati zidalembedwa kuti zimalandira mphamvu zonse ziwiri. Magetsi a Escom akamabwerera atazima, komanso nthawi ya mphenzi pakati pa Novembala ndi Epulo, mphamvu imatha kukwera mwadzidzidzi. Chida chotetezera chimathandiza, koma njira yodalirika n'kuzula pulagi. Amene amadalira batire ndi sola asankhe inverter ya mtundu wa pure sine wave, poti zotsika mtengo zimachititsa kuti zida zizing'ung'udza.

Mitengo ya masipikawa imakhala ya m'madola, mapaundi kapena marandi, ndipo mphamvu ya kwacha itatsitsidwa ndi 44 peresenti mu Novembala 2023 katundu wakunja adakwera kwambiri. Pamwamba pa mtengo wa m'sitolo pali ndalama zonyamulira ndi misonkho ya bungwe la MRA. Wogula afunsiretu komwe sipika ingakakonzedwe ikawonongeka. Pogula yogwiritsidwapo kale ntchito, aonetsetse kuti labala wozungulira sipika ndi wosang'ambika, kasipika kapamwamba n'kosabonyoka ndipo sipakumveka kukhwekhwereza.

Kuyesa ndi makutu

Kuona maso a nkhono n'kudekha. Sipika iyesedwe ndi nyimbo zomwe wogula amazidziwa bwino: gitala ndi mawu a Giddes Chalamanda poyesa kumveka kwa mawu a munthu, nyimbo za Black Missionaries poyesa besi, ndi kwaya poona ngati magulu a oimba akusiyanitsika. Sipika yabwino imamveka bwinobwino ngakhale itatsitsidwa, zomwe zimatetezanso makutu, pakuti bungwe la WHO limalangiza akuluakulu kuti pa 80 dB asapyole maola 40 pa sabata. Ngati wogulitsa angalole, kuyesera m'chipinda momwe sipikayo izikhala ndi kumene kumapereka yankho lenileni.