Kayendedwe ka mlendo wopita ku Mitundu ndi ku Nathenje

Mitundu ndi Nathenje ndi malo awiri a malonda odziwika kummwera kwa boma la Lilongwe, ndipo alendo ambiri amayesa kuti ali pamsewu umodzi. Sizili choncho. Kuchokera kudepoti ya ku Area 2, ulendo wopita kumalo awiriwa umayambira pamodzi mumsewu wa M1, kudutsa ku Biwi ndi ku Area 36, koma umapatukana pa Bunda Turn-off. Wosokoneza pamphambano imeneyi amalipira kawiri, ndipo dzuwa limamulowera ali panjira.

Ku Nathenje ndi kosavuta kufika chifukwa ndi m'mbali mwa M1 momwemo. Minibasi iliyonse yopita ku Dedza kapena ku Ntcheu imadutsapo, ikangopitirira pa Nanjiri. Mabasi akuluakulu opita ku Blantyre ndi osadalirika paulendo waufupi chotere, popeza ena saima m'malo ang'onoang'ono. Wofuna kukafika ku Nkhoma, kumene kuli chipatala ndi likulu la sinodi ya Nkhoma ya mpingo wa CCAP, apitirire pang'ono mpaka pa Kamphata, pomwe msewu wa kumishoniko umapatukira kumanzere.

Ulendo wa ku Mitundu ndiwo ufunika kuukonzekera. Pa Bunda Turn-off galimoto imasiya M1 n'kukhotera kumanja, mumsewu wa phula wodutsa pasukulu ya ukachenjede ya zaulimi ya Bunda, yomwe tsopano ili pansi pa LUANAR. Sukuluyi ili pamtunda wa makilomita pafupifupi 30 kuchokera mumzinda, ndipo mukaona phiri la Bunda litaima lokha pachidikha, dziwani kuti Mitundu yayandikira. Msewuwu sudutsa galimoto za maulendo ataliatali monga M1, choncho mlendo amadalira maminibasi ndi tigalimoto ta Sienta tomwe sitinyamuka tisanadzaze. M'mawa timadzaza msanga ndi ophunzira, ogwira ntchito komanso ogula mbewu. Masana munthu atha kukhala nthawi yaitali m'galimoto injini ikulira, oitanira akumulonjeza kuti kwatsala munthu mmodzi. Njira yabwino ndi kusuzumira kaye m'kati musanakwere, ndipo musapereke ndalama galimoto isananyamuke.

Ochokera ku Mchinji kapena ku Chipata safunika kulowa m'chipwirikiti cha m'tauni, chifukwa msewu wolambalala mzinda chakumadzulo umatulukira pa Bunda Turn-off pomwepo.

Nanga wofuna kuchoka ku Mitundu kupita ku Nathenje? Njira zafumbi zodutsa m'midzi zilipo, ndipo anyamata a kabaza wa njinga zamoto amazidziwa bwino. M'chilimwe zimafupikitsa ulendo, ngakhale mumafika mutayera ndi fumbi. Koma kuyambira mu Disembala mpaka mu Malichi matope ndi timitsinje todzaza zimasandutsa njira yachidule kukhala yaitali. Nyengo imeneyo ndi bwino kubwerera pa Bunda Turn-off n'kukwera ina yolowera ku Dedza.

Mukafika, kabaza ndiye mwendo wa mlendo. Wa njinga yakapalasa ndi wotchipa ndipo amakwanira popita kuchipatala cha Mitundu kapena kumudzi wapafupi, pomwe wa njinga yamoto ndi wa mitunda yotalikirapo. Mtengo mugwirizane musanakwere, ndipo mutchule dzina la nyakwawa ya mudzi womwe mukupita, pakuti midzi ya kuno imadziwika ndi mafumu ake, osati zikwangwani. Okwera njinga yamoto afunse chipewa choteteza mutu, ndipo akane kukwezedwa awiri kapena atatu panjinga imodzi ngakhale mtengo utsike chotani. Mitengo ya maulendo imasintha mafuta akavuta, kotero funsani wokwera mnzanu musanafunse kondakitala. Ma ejenti a Airtel Money ndi TNM Mpamba alipo pamisika yonse iwiri, komabe wakabaza amafuna ndalama yapamanja, makamaka zing'onozing'ono.

Dera lino ndi la Achewa, ndipo msewu uli ndi mwambo wake. Masamba aawisi oyalidwa mopingasa njira amatanthauza kuti pali maliro. Woyendetsa galimoto achepetse liwiro ndi kuzimitsa wailesi, wapanjinga atsike n'kuikankha, wovala chipewa avule mpaka atadutsa masamba a mbali inayo. Mukakumana ndi gule wamkulu, makamaka m'miyezi ya pambuyo pokolola, mupatukireni, ndipo musamujambule popanda chilolezo cha eni mudzi.

Wobwerera mumzinda tsiku lomwelo aonetsetse kuti wanyamuka ku Mitundu dzuwa likadalipo, chifukwa kukada galimoto zimachepa ndipo mtengo umakwera. Ku Nathenje galimoto zimapezekabe mpaka usiku, koma kuima m'mphepete mwa M1 mumdima, pomwe mathiraki amadutsa mothamanga, n'kuika moyo pachiswe.