Nyumba ya Mphunzitsi ku Arnsdorf ndi Nyimbo ya Khrisimasi

Mwezi wa Disembala ukafika, pali nyimbo imodzi imene imamveka m'matchalitchi, m'masitolo ndi pa wailesi, kuyambira ku Lilongwe mpaka ku Manyame Park m'tauni ya Chitungwiza, kumene kuli zidzukulu za Amalawi amene anapita kukagwira ntchito ku Zimbabwe kalekale. M'Chijeremani nyimboyi imatchedwa "Stille Nacht", ndipo ambiri amaidziwa ndi dzina la Chingerezi lakuti "Silent Night". Oyimba ochuluka amaitenga ngati nyimbo yopanda mwini, yongotola m'buku la nyimbo. Komatu ili ndi eni ake, ili ndi tsiku limene inayimbidwa koyamba, ndipo nyumba imene ankakhalamo amene anaipangira chuni idakali chilili m'mudzi wa Arnsdorf, kumpoto kwa mzinda wa Salzburg ku Austria.

Nyumbayi ndi yosanja kamodzi, ndipo inamangidwa m'chaka cha 1771 pafupi ndi tchalitchi cha Maria im Mösl. Inali nyumba ya wosamala tchalitchi komanso sukulu ya ana a pamudzi. Masiku amenewo munthu mmodzi ankasenza ntchito zitatu: kuphunzitsa ana, kusamala tchalitchi ndi kuliza limba pa Misa. Mu 1807 ntchitozi zinapatsidwa kwa Franz Xaver Gruber, mnyamata wa zaka pafupifupi 20, mwana wa munthu woomba nsalu. Chaka chomwecho iye anakwatira mkazi wamasiye wa mphunzitsi amene anamulowa m'malo, nakhala m'nyumbamo mpaka 1829. Malipiro a uphunzitsi anali ochepa, choncho kuyambira mu 1816 ankalizanso limba ku tchalitchi cha St. Nikola ku Oberndorf, mtunda wa makilomita pafupifupi anayi.

Chaka cha 1816 chinali chowawa m'dera lonselo. Nkhondo za Napoleon zinali zitangotha, ndipo pangano la ku Munich linasandutsa mtsinje wa Salzach kukhala malire. Tauni ya Laufen inatsala ku Bavaria, pamene Oberndorf, imene inali mbali ya tauni yomweyo kutsidya lina la mtsinje, inapita ku Austria. Anthu a ku Oberndorf ankadalira kunyamula mchere pa mabwato, ndipo ntchitoyi inali italowa pansi. Kuwonjezera apo, phulusa la phiri la Tambora ku Indonesia, limene linaphulika mu 1815, linazizitsa nyengo mpaka ku Ulaya, mbewu zinakanika, njala nigwa.

M'chaka chomwecho wansembe wachinyamata, Joseph Mohr, analemba ndakatulo ya ndime zisanu ndi imodzi ali ku Mariapfarr. Mohr anabadwa ku Salzburg mu 1792 kwa mayi wosauka, wosakwatiwa, ndipo bambo wake anali msilikali amene anathawa usilikali. Mu 1817 anamutumiza ku Oberndorf kukathandiza pa parishi, ndipo kumeneko anapalana ubwenzi ndi Gruber. Pa 24 Disembala 1818 Mohr anapatsa Gruber ndakatulo ija, namupempha kuti aipangire chuni cha anthu awiri, kwaya ndi gitala. Madzulo a tsiku lomwelo chuni chinali chitatheka, ndipo usiku awiriwo anayimba nyimboyi m'tchalitchi cha St. Nikola, Mohr akuliza gitala. Popeza Gruber ankakhala ku Arnsdorf, anthu amakhulupirira kuti chunicho anachikonzera m'nyumba ya sukuluyo.

Nyimbo itachoka kwa eni ake, mayina awo anatsala m'mbuyo. Karl Mauracher, mmisiri wa malimba wochokera ku chigwa cha Zillertal ku Tyrol, ankagwira ntchito m'matchalitchi a m'derali, ndipo akuti ndiye anapita nayo kwawo. Mabanja oyimba a Strasser ndi Rainer anaitenga m'maulendo awo amalonda ndi zoimbaimba. A Strasser anaiyimba ku Leipzig mu 1832, ndipo posakhalitsa inasindikizidwa ku Dresden monga nyimbo ya makolo a ku Tyrol. A Rainer anafika ku America mu 1839. Mu 1859 John Freeman Young, mbusa wa ku New York, anamasulira ndime zitatu m'Chingerezi, ndipo kumasulira kwake ndi kumene kunafala m'maiko olankhula Chingerezi. Ena anayamba kunena kuti chuni chokoma chotero n'cha Michael Haydn, katswiri wodziwika wa ku Salzburg. Akuluakulu anati kandimverere anakanena za m'maluwa.

Chimene chinapulumutsa mayina a anthu awiriwa ndi pepala. Mu 1854 oyang'anira zoimbaimba kubwalo la mfumu ku Berlin analembera nyumba ya amonke ya St. Peter ku Salzburg kufunsa za chiyambi cha nyimboyi. Nkhaniyi inamufika Gruber, amene panthawiyo anali mkulu wa kwaya ku Hallein, ndipo pa 30 Disembala 1854 analemba umboni wake wa mmene zinayendera. Mohr anali atamwalira kale mu 1848 ku Wagrain, ali wosauka. Mu 1995 kunapezeka pepala lolembedwa ndi dzanja la Mohr, limene likusonyeza kuti mawu ndi a 1816 ndipo chuni n'cha Gruber. Mu umboni wa Gruber mulibe nkhani yotchuka ija yakuti mbewa zinatafuna limba la m'tchalitchi. Imeneyo inadza pambuyo pake.

Tchalitchi cha St. Nikola kulibenso. Madzi osefukira a mu Salzach anachiwononga kangapo, makamaka mu 1897 ndi 1899, ndipo tauni itasamutsidwira pamalo ena kumtunda kwa mtsinje, tchalitchicho chinagwetsedwa kumayambiriro kwa zaka za m'ma 1900. Kanyumba kopemphereramo kamene alendo amajambula lero pamalopo kanamalizidwa mu 1937. Nyumba ya ku Arnsdorf inapulumuka chifukwa sinasiye kugwira ntchito: mudzi unkaifuna tsiku ndi tsiku, choncho denga likadontha unkalikonza. Zipinda zam'mwamba zinasanduka malo osungiramo zinthu zakale za Gruber, ndipo pa chikondwerero cha zaka 200 za nyimboyi mu 2018, ana anali kuphunzirabe m'zipinda zapansi. Mu 2011 nyimboyi inalowa m'kaundula wa UNESCO wa chuma cha chikhalidwe cha Austria.

Mbiri yotere si yachilendo kummwera kwa Africa. Enoch Sontonga, mphunzitsi ndi mtsogoleri wa kwaya pa sukulu ya mishoni ya Methodist ku Nancefield, pafupi ndi Johannesburg, anapeka "Nkosi Sikelel' iAfrika" mu 1897. Nyimboyo inayenda mpaka kukhala nyimbo ya fuko ya Zimbabwe m'Chishona kuyambira 1980 mpaka 1994, ndipo Zambia ndi Tanzania akugwiritsabe chuni chake. Koma Sontonga anamwalira mu 1905, ndipo manda ake ku Braamfontein anaiwalika kufikira atafufuzidwa ndi kulemekezedwa ndi boma mu 1996.

Nkhani yomweyi ikukhudza Achewa okhala kunja. Ntchito ya mpingo pakati pa Amalawi a ku Salisbury inayamba mu 1912, mbusa T.C.B. Vlok atachoka ku Nkhoma, ndipo inakula mpaka kukhala Sinodi ya Harare ya CCAP. Kwa zaka zoposa zana, aphunzitsi, akulu a mpingo ndi atsogoleri a makwaya akhala akupeka ndi kuphunzitsa nyimbo za Khrisimasi ndi Pasaka m'Chinyanja m'makomboni a m'migodi, m'mafamu ndi m'malokesheni. Nyumba zawo ndi zazing'ono, zosavuta kugulitsa, kusintha kapena kugwetsa, ndipo makope awo a nyimbo ali m'masutikesi a ana awo. Gruber anafunsidwa patapita zaka 36, ali moyo, ndipo anayankha. Ofufuza mbiri ndi ophunzira a m'makoleji athu ali ndi ntchito yofunsa nkhalamba za ku St Mary's, Zengeza ndi Manyame Park kuti nyimbo yakutiyakuti anapeka ndani, m'nyumba iti, chaka chanji, eni ake asanatsikire kuli chete.