Mmene Sherlock Holmes Anafera ndi Kuukanso

Sherlock Holmes, katswiri wofufuza milandu wa pa 221B Baker Street mumzinda wa London, sanabadwe kwa mayi aliyense. Anamupeka ndi Arthur Conan Doyle, dokotala wobadwira ku Edinburgh mu 1859. Doyle anatengera nzeru za munthu wakeyu kwa mphunzitsi wake wa zachipatala, Joseph Bell, amene ankatha kudziwa ntchito ya wodwala pongomuyang'ana manja ndi zovala. Nthano yoyamba, A Study in Scarlet, inatuluka mu 1887, ndipo mlembiyo analandirapo mapaundi 25 okha.

Kutchuka kwenikweni kunayamba mu July 1891, pamene magazini ya The Strand inayamba kusindikiza nkhani zazifupi za Holmes ndi mnzake Dr Watson mwezi ndi mwezi. Anthu anazikonda kwambiri, koma mwini wake zinamukola msanga. Nkhani iliyonse inkafuna mlandu watsopano ndi njira yatsopano youthetsera, pomwe mtima wa Doyle unali pa mabuku a mbiri yakale monga The White Company, amene ankawaona kuti ndiwo ntchito yeniyeni ya mlembi. Chaka cha 1891 chisanathe, iye analembera mayi ake kalata yowauza kuti akuganiza zopha Holmes. Mayiwo anakana. Kenaka anayesa kuthawitsa a The Strand ndi mtengo, nawauza kuti nkhani 12 zotsatira alipire mapaundi 1,000. Iwo anangovomera.

Mu 1893 Doyle ndi mkazi wake Louisa anakacheza ku Switzerland, kumene anaona mathithi a Reichenbach pafupi ndi tawuni ya Meiringen. Manda a Holmes anapezeka pamenepo. Nkhani ya The Final Problem, yotuluka mu December chaka chomwecho, inabweretsa mdani amene owerenga anali asanamumvepo, Professor Moriarty, mkulu wa zigawenga za mu London. Awiriwa akumana pamphepete mwa phompho pa 4 May 1891. Watson, amene ananamizidwa kuti ku hotela kuli mayi wodwala, akubwerera mochedwa. Akupeza ndodo, kalata yotsanzika, ndi mapazi a anthu awiri olowera kuphompho, popanda obwerera.

Owerenga anakwiya. Makalata odzudzula anafika ambiri, ndipo zimanenedwa kuti anthu pafupifupi 20,000 analeka kugula magaziniyo. Palinso mbiri yakuti anyamata a mu London anavala nsalu zakuda pamkono polira maliro, koma imeneyi ilibe umboni wa nthawi imeneyo. Doyle sanatekeseke. Anali ndi chisoni chake chenicheni: bambo ake anamwalira mu 1893 momwemo, ndipo mkazi wake anapezeka ndi chifuwa chachikulu.

Komabe m'nkhaniyo munatsala mpata. Palibe amene anaona Holmes akugwa, ndipo mtembo wake sunapezeke.  Kaya Doyle anausiya dala mpatawu kaya ayi, ndi womwe unadzamuthandiza.

Padapita zaka pafupifupi zisanu ndi zitatu. Mu 1900 Doyle anakagwira ntchito ya udokotala ku Bloemfontein pa nkhondo ya Maburu. Atabwerera kwawo, mtolankhani Bertram Fletcher Robinson anamufotokozera nthano za galu woopsa wa kudera la Dartmoor, ndipo Doyle anaona kuti nkhani yotere ikufuna Holmes. The Hound of the Baskervilles inatuluka mu The Strand kuyambira August 1901 mpaka April 1902. Apa mlembi anachenjera: anati mlanduwo unachitika Holmes asanafe. Womwalirayo anakhalabe womwalira.

Chimene chinamuukitsa ndi ndalama. Magazini ya ku America ya Collier's Weekly inalonjeza malipiro aakulu kwambiri pa nkhani zatsopano, The Strand nayonso inaikapo zake, ndipo Doyle anagonja. Mu The Adventure of the Empty House, ya mu 1903, nkhalamba yogulitsa mabuku ikulowa m'chipinda cha Watson, n'kuvula chigoba chake, n'kupezeka kuti ndi Holmes. Watson akukomoka. Holmes akufotokoza kuti Moriarty yekha ndiye anagwa, popeza Holmesyo ankadziwa luso lolimbana la ku Japan limene Doyle analitcha baritsu. Anakwera thanthwe kuti asasiye mapazi, ndipo anabisala zaka zitatu pothawa Colonel Sebastian Moran, wachiwiri wa Moriarty. Anakhala zaka ziwiri ku Tibet pa dzina la Sigerson, anadutsa ku Persia, Mecca ndi Khartoum, n'kukathera ku Montpellier ku France. Ankadziwa chinsinsichi ndi mkulu wake Mycroft yekha. Kufotokozaku kuli ndi zigamba, makamaka poti Moran anaona Holmes ali moyo pathanthwepo, ndiye ankabisalira ndani? Owerenga sanafune kufunsa.

Doyle anapitiriza kulemba za Holmes mpaka 1927, ndipo anamwalira pa 7 July 1930. Zonse pamodzi zinakwana mabuku anayi aatali ndi nkhani zazifupi 56, zoposa theka mwa izo zolembedwa Holmes ataukitsidwa. Imfa ya pa mathithi ija inasanduka gawo lotchuka la mbiri yake, moti sewero la BBC la Sherlock linaibwereza mu 2012 n'kumuukitsanso mu 2014. Ku Meiringen lero kuli chiboliboli cha Holmes ndi nyumba yosungiramo zinthu zokhudza nkhani zake, pomwe mabuku a mbiri yakale amene Doyle anamuphera amawerengedwa ndi anthu ochepa.