Kaikidwe ka makina oyezera chivomezi pakhomo

Dziko la Malawi lili m'chigwa cha East African Rift, kumene nthaka imagwedezeka kawirikawiri, monga zidachitikira ku Salima mu 1989 ndi ku Karonga mu December 2009. Masiku ano munthu akhoza kukhala ndi makina aang'ono oyezera chivomezi m'nyumba mwake, ngati a Raspberry Shake opangidwa ku Panama, omwe amatumiza zimene ajambula kudzera pa intaneti. Koma makinawa amanena zoona pokhapokha atakhazikidwa bwino.

Choyamba ndi malo. Makina aikidwe pansi pa simenti yolimba, m'chipinda cha pansi penipeni, makamaka pangodya pafupi ndi maziko. Tebulo, shelefu ndi kapeti n'zosayenera chifukwa zimawonjezera kapena kumeza kugwedezeka. Atalikirenso fuliji, jenereta, pampu ya madzi ndi khomo limene anthu amadutsapo, pakuti zonsezi zimajambulika n'kukwirira zivomezi zing'onozing'ono. Mawaya asakoke makinawo.

Chachiwiri, makina asapendekeke. Amakhala ndi timiyendo topotokola pamodzi ndi levulo yonga ya amisiri omanga nyumba. Timiyendoto tipotokoledwe mpaka kathovu ka mu levulo kafike pakati.

Chachitatu ndi kumene makina ayang'ana. Amene amayeza kugwedezeka kopita mmwamba ndi pansi kokha akhoza kuyang'ana kulikonse. Koma amene amayeza mbali zitatu, kuphatikizapo kumpoto ndi kummwera komanso kummawa ndi kumadzulo, chizindikiro chawo cha kumpoto chiyenera kuloza kumpoto kwenikweni. Chikaphonya ndi madigiri 10, mbali imene mafunde a chivomezi achokera imaonekanso yophonya ndi madigiri omwewo.

Kampasi siiloza kumpoto kwenikweni koma kwa maginito, ndipo kusiyana kwake kumasintha malinga ndi dera ndi chaka. Zitsulo za mu konkire nazo zimaisokoneza, n'chifukwa chake ndi bwino kuyezera panja. Njira ina ndi ya dzuwa: mthunzi wa ndodo yoimikidwa chilili ukafupikitsitsa masana, umagona pa mzere wa kumpoto ndi kummwera. Ku Malawi kuno, mwezi wa June mthunziwo umaloza kummwera.

Mzerewo ukapezeka, ukokedwe ndi chingwe kulowa m'nyumba ndipo ulembedwe pa simenti, kuti wosesa akasuntha makinawo abwezeretsedwe pamalo pake.